Tsiku limene mng'ono wanga anandisambitsa

Patha chaka ndi miyezi ingapo, koma ndikangomva fungo la mankhwala okolopera m'chipatala, zonse zimabwerera ngati zachitika dzulo. Nkhaniyi ndaikambapo kawiri pamapemphero, ndipo kawiri konseko ndinaiphoda. Ndinachotsamo zonunkha, n'kusiya umboni wosalala woti anthu ayankhe kuti ameni. Ndikabwerera kunyumba mtima unkanditsutsa kuti mmene ndakambiramo si mmene zinalili. Ndiye lero ndailemba yosaphoda.

## Kope lobiriwira

Ndine mmodzi wa amayi aja amene amafika kutchalitchi zitseko zisanatsegulidwe. Mgonero wa Ambuye ukamayandikira ndinkadzikonzekeretsa sabata yathunthu. Kusala kudya masiku atatu, kudzuka 4 koloko m'bandakucha, foni kuizimitsa madzulo. Vesi langa linali 1 Akorinto 11:28, loti munthu ayambe wadziyesa yekha asanadye mkate ndi kumwera chikho. Ndinkalitenga ngati mayeso a kusukulu, ndipo ine mayeso sindinkakonda kulephera.

Ndinali ndi kope lachikuto chobiriwira. Usiku uliwonse ndinkalembamo zimene ndalakwa tsikulo: ndanena miseche, ndakalipira mwana popanda chifukwa, ndawodzera powerenga Baibulo, ndanama kuti ndili panjira pamene ndinali ndisanavale n'komwe. Ndikalapa, ndinkadula mzerewo ndi cholembera chofiira. Pofika Loweruka tsamba lonse linkakhala lofiira, ndipo Lamlungu ndinkapita kutsogolo mtima uli mbee, ngati munthu amene wamaliza kuchapa dengu lonse la zovala n'kuyanika.

Kumapeto kwa kope lomwelo kunali tsamba lina limene cholembera chofiira sichinafikeko. Ndinalembapo tsiku, ndalama zimene ndinabwereketsa mng'ono wanga, ndi pansi pake masiku atatu amene analonjeza kubweza koma osabweza. Ndalamazo zinali zambiri ndithu kwa ine. Anati akufuna kuyambira bizinesi, bizinesiyo inagwa, iye n'kuyamba kundizemba. Titakumana pamaliro a mayi athu, ndinamufunsa za ngongoleyo pamaso pa abale, maliro asanaikidwe n'komwe. Iye anandiyankha kuti Chikhristu changa ndi cha pakamwa. Kuyambira pamenepo tinakhala zaka zinayi osalankhulana.

Akulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndinkati fupa likhale fupa, koma ndalama zanga abweze.

Mukanandifunsa ngati ndinamukhululukira, ndikanati inde, kalekale. Ndinkamupemphereranso, pemphero lija loti Ambuye amutsegule maso aone kulakwa kwake. M'zaka zinayi zimenezo ndinadya Mgonero kambirimbiri, tsamba lofiira lili kutsogolo, tsamba la ngongole lili kumbuyo, ndipo sindinaonepo kuti awiriwa akutsutsana.

## Beseni

Ndinachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa m'chiberekero. Amene anang'ambidwapo pamimba akudziwa: kutsokomola kumakhala ngati ulusi ukuduka, kutembenuka pabedi ndi ulendo. Dzanja lamanzere linali ndi diripi. Ndi lamanjalo ndinkanyowetsa kansalu n'kudzipukuta kumaso, m'khosi ndi m'khwapa, basi ndasamba.

Amayi anzanga a kutchalitchi ankabwera nthawi yoona odwala, kuimba chapansipansi, kupemphera, n'kumapita. Sindikuwadandaula. Akandifunsa chimene ndikusowa ndinkati, “Palibe, Mulungu ndi wabwino.” Ndine amene ndinkayendera odwala mumpingo. Ndikanayamba bwanji kuuza munthu amene ndinkamuphunzitsa Baibulo kuti ndikununkha, andisambitse?

Bambo a kunyumba anatisiya kale, ndipo ana anga onse awiri ndi anyamata. Wamkuluyo ndi amene anaimbira foni mayi ake aang'ono, osandiuza.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinangoona munthu waima kumiyendo kwa bedi, beseni m'manja, thaulo paphewa. Choyamba chimene ndinaona ndi imvi. Zaka zinayi zapitazo analibe.

“Achemwali, mwadzuka bwanji?”

“Ndadzuka.”

“Ndabwera kudzakusambitsani.”

“Usavutike. Anamwino andithandiza.”

Anayang'ana wodi yonse, mabedi odzaza mbali zonse ziwiri, namwino mmodzi akuthamanga ndi thireyi ya mankhwala. Sanayankhe. Anakoka katani, n'kupita kukatunga madzi. Atabwera anaviika chigongono m'besenimo kuti amve kutentha kwake, mmene timachitira posambitsa khanda.

“Gwirani khosi langa. Tidzuka pang'onopang'ono.”

Ndinagwira, chifukwa panalibe china chogwira. Anandikhazika m'mphepete mwa bedi, n'kundivula. Ine mayi wa zaka zopitirira 50, mtsogoleri wa mapemphero, ndili chinochino pamaso pa munthu amene ndinamuchititsa manyazi pamaliro a mayi ake. Anayambira kumaso, kutsika m'mapewa, kulambalala bandeji mosamala kuti isanyowe. Atafika kumsana anaima.

“Kuno kwayamba kufiira. Mukanagona chonchi masiku ena awiri zikanakhala zilonda.”

Ine sindinkadziwa. Msana wake munthu sauona, ndipo dzanja langa silinkafikako. Anaukhula ndi kansalu, litsiro likupotana ngati timaulusi n'kumagwera pa shiti. Kenako anatsitsa beseni pansi, n'kugwada pasimenti, kutenga phazi langa n'kuliika m'madzi. Anatsuka chala chimodzichimodzi, pakati pa zala, chidendene. Ndinayang'ana m'besenimo. Madzi aja anali atasanduka otuwa, thovu lakuda likuyandama m'mbali. Masiku atatu onsewo ndinkadziona ngati waukhondo.

Apa ndi pamene ndimanama ndikamapereka umboni. Ndimati mtima wanga unasungunuka ndi chikondi. Ayi. Nthawi imene iye anali chogwada, ine mumtima ndinkati: akufuna kubweza ngongole yanga ndi sopo ameneyu. Ndinkawerengera ndalama zija, mpaka kuonjezapo mmene zagwera mphamvu m'zaka zinayi. Ndinapemphera ndithu, ndi mawu omveka bwino mkatimu, kuti Ambuye mundichotsere munthuyu pano. Ndipo ndinadzimva ndikupemphera choncho. Sindinayambe ndadzimvapo bwinobwino ngati mmene ndinadzimvera m'mawa umenewo. Liwulo linali langa, lomwe lija lotsogolera mapemphero, ndipo linali lodzaza chidani.

Iye akupukuta mapazi anati, “Amayi ankati inu ndi amene munkandisambitsa ndili mwana. Akuti munkandithira sopo m'maso dala.” N'kuseka pang'ono.

Ndinayamba kulira, ndipo kulira ndi bala la pamimba n'chilango pachokha. Iye anaganiza kuti ndi ululu, anafuna kuitana namwino. Ndinangopukusa mutu. Sanapepese za ndalama tsiku limenelo, inenso sindinapepese za pamaliro. Anakataya madzi, kutsuka beseni, n'kulilowetsa pansi pa bedi. Mawa lake anabweranso, mpaka tsiku limene ndinatuluka.

## Petro ndinkamuona ngati wodzichepetsa

Ndili kunyumba, osatha kuwerama kapena kunyamula kanthu, ndinawerenganso Yohane 13, pamene Yesu anasambitsa mapazi a ophunzira ake. Chaputala chimenechi ndachiphunzitsa kangapo, ndipo phunziro langa linkakhala limodzi: tiyeni tizitumikirana. Nthawi zonse ndinkadziika pamalo a wonyamula beseni. Sindinaganizepo zokhala pampando wa Petro, phazi lili m'manja mwa wina.

Petro anakana. Anati Ambuye sadzasambitsa mapazi ake nthawi ina iliyonse. Kale ndinkati ndi ulemu umenewo. Tsopano ndikudziwa kukoma kwa mawu amenewo pakamwa, chifukwa ndi omwe aja ndinanena ine: usavutike. Ndi mawu a munthu amene akufuna azikhala wopereka nthawi zonse, asakhale ndi ngongole kwa aliyense, ngakhale kwa Mulungu. Ndipo yankho la Yesu pa vesi 8 silofewa: ngati sindikusambitsa, ulibe gawo ndi Ine. Sanamuuze kuti apite akasambe kaye n'kubwera. Kukhala pamodzi ndi Iye kukudutsira pa kulola kugwidwa pamalo akuda. Yudasi nayenso anali pomwepo, poti anatuluka pa vesi 30, mapazi ake atatsukidwa kale. Chimenecho chimandiopsa ndikachiganizira.

Nditaona zimenezi ndinayamba kuzipeza paliponse. Salimo 51, limene Davide anapemphera mneneri Natani atamudzudzula pa nkhani ya Bateseba, ndi lodzaza mawu opempha: munditsuke, mundiyeretse, mundilengere mtima woyera. Mawu achiheberi otanthauza kulenga pa vesi 10 ndi omwe ali pa Genesis 1:1, ndipo m'Chipangano Chakale akamanena za kulenga, wolengayo amakhala Mulungu yekha. Davide sakupempha kuti amukonzere mtima wakale pena ndi pena. Yesaya, m'chaputala 6, ataona Ambuye m'kachisi n'kufuula kuti milomo yake ndi yonyansa, sanatole yekha khala lamoto. Mngelo, mmodzi wa aserafi, ndi amene analipana ndi mbaniro paguwa n'kumukhudza nalo pakamwa. Pa Zekariya 3, mkulu wa ansembe Yoswa waima atavala zonyansa, ndipo lamulo likupita kwa ena kuti amuvule.

Kope langa linali kansalu kaja. Linkafika kumaso ndi m'khwapa, malo amene ine ndasankha, amene ndikuwaona. Kumsana silinkafika.

## Chikuni chachiwisi

Ndinkayembekeza kuti pambuyo pa zonsezi moyo wanga wauzimu ukwera. Unatsika. Pemphero linauma gwa. Kale ndikagwada misozi inkabwera yokha, nyimbo zinkandinyamula. Tsopano ndinkagwada n'kumangomva wotchi. Choipa kwambiri, ndinayamba kudziona woipa kuposa kale. Ndikathandiza munthu, ndinkadzigwira ndikudikira kuti andithokoze. Ndikamva kuti mnzanga wagwa m'tchimo, ndinkapeza kachimwemwe kobisika pansi pa chisoni changa. Ndinafika podzifunsa ngati ndinatembenukadi mtima.

Amene anandithandiza ndi munthu amene anamwalira mu 1591, wansembe wa ku Spain, Juan de la Cruz. Iyeyu ankagwira ntchito ndi sisitere Teresa wa ku Ávila yobwezeretsa chipani chawo cha ansembe ndi masisitere cha Carmel ku moyo wosalira zambiri ndi wa pemphero. Anzake a m'chipani chomwecho amene sankafuna kusinthako anamugwira mu Disembala 1577 n'kukamutsekera ku Toledo, m'kachipinda ka mamita 3 m'litali, m'lifupi osakwana 2. Ankamukwapula pamaso pa anzake. Anakhalamo mpaka Ogasiti 1578, pamene anathawa usiku potsika khoma ndi chingwe cha nsalu zong'amba. Ndikutchula zimenezi kuti mudziwe kuti akamanena za mdima sakunena zongomva.

M'zolemba zake anafotokoza matenda a anthu akhama pa zauzimu, ndipo ndinachita ngati wasuzumira m'kope langa. Akuti amakonda kuphunzitsa kuposa kuphunzitsidwa. Amaweruza mumtima anzawo amene sapemphera ngati iwo. Akalakwa amadzikwiyira, poti ankadziyesa oyera kale. Amafunitsitsa Mulungu awachotsere zolakwa zawo, koma cholinga n'choti iwo apeze mtendere, osati chifukwa cha Mulunguyo. Chomalizachi chinandilasa. Cholembera chofiira chija chinali cha mtendere wanga.

Ndiye anapereka fanizo limene aliyense amene anasonkhapo moto alimva msanga. Ika chikuni chachiwisi pamoto. Sichiyaka nthawi yomweyo. Chimayamba kulira, madzi kutuluka kumapeto ngati thovu, utsi wowawa m'maso, kenako chimada bii n'kumanunkha. Ukachiyang'ana pamenepo ungati moto wachiwononga, chinali bwino chili pamulu. Koma madziwo anali momwemo kale, moto wangowatulutsa. Chikauma, motowo umalowa mkati, chikuni n'kufiira mpaka osasiyanitsanso kuti mtengo ndi uti, moto ndi uti. Iye akuti moto umene umadetsa chikuni ndi womwewo umene pamapeto pake umachisandutsa moto. Palibe moto wina woyeretsa ndi wina wachikondi. Mulungu akamayandikira, choyamba chimene munthu amaona ndi utsi wake womwe.

Akhristu akale ankanena za masitepe atatu a ulendowu: kuyeretsedwa, kuunikiridwa, kenako kulumikizana ndi Mulungu. Ine ndinkaganiza kuti sitepe yoyambayo ndinaidutsa kale ndili mtsikana, nditasiya zimene anthu amazitcha za dziko. Kumeneko kunali kungosadza nthambi. Chikunicho chinali chisanafike pamoto.

Apa ndiike chenjezo, chifukwa nkhani ngati izi zimapweteka anthu zikagwiritsidwa ntchito molakwika. Sindikunena kuti Mulungu ananditumizira chotupa kuti andiphunzitse. Yesu anakana maganizo otere pa Yohane 9, ophunzira atafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona. Chonde musapite kwa wodwala n'kukamuuza kuti Mulungu akumuyenga. Komanso si kuuma kulikonse kwa mtima kumene kuli kwauzimu. Juan yemweyo anasiyanitsa mdima wa pemphero ndi matenda a maganizo. Ngati tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, moyo sukukomanso, kaonaneni ndi dokotala, pemphero lisalekeke. Koma kuuma kwa munthu amene akufunabe Mulungu ngakhale sakumva kanthu kulipo, ndipo si kwachilendo. Makalata a Mother Teresa wa ku Kolkata atasindikizidwa mu 2007, patatha zaka 10 atamwalira, anthu anadabwa kuona kuti anakhala zaka zambirimbiri osamva kuti Mulungu ali pafupi, uku akutola odwala m'misewu tsiku ndi tsiku.

## Ndiye tisiye kukonzekera?

Mnzanga wina nditamufotokozera anati, “Ndiye kuti kusala kudya konse kuja kunali kutaya nthawi?” Sindikuganiza choncho. Pa Eksodo 19, Mulungu asanatsikire paphiri la Sinai, anauza Mose kuti anthu achape zovala zawo, akhale okonzeka pofika tsiku lachitatu. Mbali yathu ilipo. Pa Chivumbulutso 19:7-8 zinthu ziwirizi zili moyandikana: mkwatibwi wadzikonzekeretsa, ndipo vesi lotsatira likuti anapatsidwa bafuta wonyezimira kuti avale. Wadzikonzekeretsa, koma chovalacho n'chopatsidwa.

Vuto langa linali loti ndinaiwala amene ndikumukonzekerera. Ndinali mkwatibwi amene watanganidwa ndi galasi mpaka osazindikira kuti mkwati waima pakhomo. Mateyu 5:8 akuti oyera mtima ndi odala chifukwa adzaona Mulungu. Mphoto yake ndi kuona Iye. Ine mphoto imene ndinkafuna inali kudziona ndekha ndili woyera.

Ndipo m'chaputala chomwecho, pa vesi 23 ndi 24, muli malangizo a kukonzekera amene ndinkawadumpha chaka ndi chaka. Ukabwera ndi mphatso kuguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya mphatsoyo pomwepo, pita ukayanjane naye kaye. Taonani mmene anaikira mawuwo. Sakuti ukakhala ndi chifukwa ndi m'bale wako. Akuti iye akakhala nacho pa iwe. Ine ndinkawerenga kuchokera mbali ya wobwereketsa, n'kumati wolakwa ndi iye, abwere. Koma amene anafunsidwa ngongole pafupi ndi bokosi la mayi ake anali nane chifukwa chachikulu. Kusala masiku atatu kunali kophweka kuposa kuimba foni imodzi, ndiye ndinkasankha chophwekacho n'kuchitcha kudzipereka.

Ndimasalabe. Ndimadzukabe m'bandakucha, ngakhale si masiku onse. Kusiyana kwake n'koti tsopano ndimakuona ngati kugwira khosi la wondidzutsa n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Pemphero langa lodziyesa lafupika kwambiri. Ndi la pa Salimo 139:23-24, loti Mulungu andisanthule Iyeyo, aone ngati muli njira yoipa mwa ine. Ndipo ndinayamba chinthu chimene kale sindikanachita: kufunsa anthu awiri amene amandidziwa bwino kuti andiuze zimene akuona kumsana kwanga. Mmodzi mwa iwo ndi mwana wanga wamkulu. Sachedwa kuyankha ameneyo.

## Tsamba lakumapeto

Bala litapola ndinapita kwa mng'ono wanga. Ndinakonza mawu ambiri m'njira, koma nditakhala pansi anatuluka ochepa.

“Zimene ndinachita pamaliro a amayi zinali zoipa. Undikhululukire.”

Anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana zala zake.

“Ndalama zija, achemwali, ndilibe. Sindikudziwa ngati ndidzakhale nazo.”

“Ndikudziwa.”

Zinathera pomwepo. Sitinakumbatirane, sitinaimbe nyimbo. Anandiperekeza mpaka pamsewu tikukamba za sukulu ya mwana wake.

Usiku umenewo ndinang'amba tsamba lija m'kope. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaiwala zimene zinalembedwapo, koma nambalayo ndimaidziwa pamtima mpaka lero. Imabwera nthawi zosayembekezeka, makamaka ndikamuona wavala nsapato zatsopano.

Mwezi watha kunali Mgonero. Mlungu wonsewo sindinachite bwino: ndinasala tsiku limodzi lokha, ndipo Lachisanu ndinakalipira munthu pafoni. Nditakhala pabenchi, mbale ya mkate ikuyandikira mzere wathu, nambala ija inatulukira m'mutu, yonse, ndi masiku atatu aja a malonjezo. Kale ndikanadzikwiyira, kapena kuikankhira pansi msanga n'kukonza nkhope. Ulendo uno ndinangoti chamumtima, “Ambuye, ndi iyi, ikadalipo. Dzanja langa silikufikapo.” Wogawa Mgonero anali ataima kale patsogolo panga akudikira. Ndinatambasula dzanja n'kutenga mkate.